Mphete ya Radojka

Moyo wake wonse wa m'banja, Radojka anali wogwirira zida. Mwamuna wake Vukašin akawerama pa boneti ya kagalimoto kawo kokalamba, iye ankaima pambali ndi sipanala ndi nsanza, akumvera madandaulo ake. Sankaphunzira chilichonse, ankangofuna kukhala pafupi naye.

Vukašin atamwalira, Radojka anamuikira m'bokosi la maliro zinthu zake monga mwa mwambo: chipewa, magalasi, lumo, ndi timasamba tachitsulo toyezera mpata wa mapulagi, timene sitinkachoka m'thumba lake. Anaona kuti munthuyo sangapite kutali kotero manja ali lende.

Tsiku la makumi anayi chimwalirireni, limene mzimu umatsanzikana ndi dziko, tirigu wophika wothira uchi anali kale m'mbale, makandulo m'chikwama. Wansembe anali atanena kuti adikira kumanda mpaka masana basi. Manda a Vukašin anali kumudzi kuphiri, kumene basi inasiya kufika kalekale. Ndiye galimoto inakana kulira.

Mlamu wa Radojka, Milorad, amene anabwera kudzayendetsa, anathamangira kusitolo nabwera ndi mapulagi anayi atsopano. Atawamanga, injini inangotsokomola nkuzima.

"Mpata wake ndi waukulu, moto sukudumpha," anatero Milorad. "Alamu, choyezera cha achimwene chili kuti?"

"Ali nacho eni ake."

Milorad anamuyang'ana, kenako anapukusa mutu. "Mwati akakonza ngolo ya ndani kumeneko? Bwenzi mutawapatsanso batire."

Radojka sanaseke. Mantha anamugwira poganiza kuti mwamuna wake anyamuka popanda womuyatsira kandulo, ngati munthu wopanda kwawo.

Apo anakumbukira tsiku lina panjira ya kumsika wa zipatso za maula, Vukašin ataiwala choyezera kunyumba. Anamugwira dzanja nati, "Iwe mkazi, mphete yakoyi yaperepeseka ndi kuchapa, yafika pamuyeso weniweni. Ndibwereke." Iye anakana. Anati mphete ya ukwati sivulidwa, ndipo awiriwo anakankha galimoto mtunda wonse, wina akunyinyirika, wina atatupa.

Tsopano anapempha sopo. Chala chinali chitatupa, mphete inatuluka movutikira, nkusiya mzere woyera. Milorad anamasula mapulagi, ndipo Radojka anatenga imodzi, nagogoda kamlomo kake pang'onopang'ono pa mwala monga ankaonera, mpaka m'mphepete mwa mphete munalowa mothina pampatapo. Anatero ndi mapulagi onse anayi, Milorad nawamanganso.

Injini inalira.

Anafika kumanda wansembe akupinda kale nsalu yake ya m'khosi, koma anaifunyululanso. Mapemphero atatha, anthu akudya tirigu, Radojka anagwada pafupi ndi mtanda, mphete ili m'manja, yakuda ndi mafuta.

"Unkanena zoona, nkhalamba iwe," anatero motsitsa mawu. "Ndi muyeso weniweni. Ndikanakubwereka tsiku lija."