Dimba la Pansi pa Zenera

Bambo oyandikana nane nyumba ali ndi zaka 74, anali telala, ndipo akazi awo anamwalira chaka chatha. Zakudimba sazidziwa. Mayi aja akudwala, ankayang'anira dimba ali pabedi. Bambowa akagwira mbande m'malo mwa udzu, mayiwo ankagogoda zenera ndi supuni. Mpaka lero, asanazule kanthu, amayamba ayang'ana pazenerapo.

Mwezi watha mwana wa mlongo wawo, yemwe sanaoneke ndi pamaliro pomwe, anabwera kudzawatenga.

"Malume, muno nokhanokha mudzatifera. Onani, dimbali lasanduka tchire."

"Sindinauzidwe chozula," anatero bambowa. "Zochoka pano sindinauzidwenso."

Mlendoyo anakhala masiku awiri n'kubwerera yekha. Bambowa akadali pomwepo. Amathirira m'mawa uliwonse, anyezi ndi udzu womwe.