Chala cha a Ilídio ndi chingwe cha lona

Ndinazitola pampope, Judite akunong'oneza mnzake: akuti Caetano akuuza amotolisita, oyendetsa magalimoto aja, kuti dzanja la mlamu wake, a Ilídio, linafa, madotolo anangokhomamo msomali wonamizira. Sindinazikhulupirire zonse, poti Judite amakometsera nkhani.

A Ilídio anafika kuno ku Zóbuè atawasamutsa kuchoka ku Bagamoyo, mgodi utadya munda wawo. Anayamba kumanga malona pamagalimoto a malasha pamalire, ndipo mfundo yawo inatchuka. Iwo akakoka chingwe, lona silipupuma ngakhale mphepo ivute bwanji. Mfundoyo anaphunzitsa munthu mmodzi yekha, Caetano, mlongo wa akazi awo.

Tsiku lina galimoto inasuntha chala cha a Ilídio chili m'chingwe. Magazi sanatuluke, koma nsonga ya chala cha mphete inakana kupinda. Ku Tete dotolo anati mtsempha wokoka chalacho wazuka pafupa. Anaboola fupalo, n'kumizamo kachitsulo ka ulusi, n'kumangirira mtsemphawo pomwepo.

"Miyezi itatu osakoka kanthu," anatero dotolo, Caetano ali pompo akumva. "Ulusiwu ndi wongogwiriza mpaka mtsempha umere pafupa. Chala ichi chikafooka, dzanja lonse silifumbata."

"Pumani alamu, malo anu ndikusungirani," anatero Caetano.

Anapumadi masabata asanu, dzanja lili m'chikhakha. Amotolisita amene ankawaimbira lipenga podutsa anayamba kungodutsa. Iwo ankati mwina ndi changu cha ntchito.

Pakamwa pangapa ndiye vuto. Nditangotula ndowa, ndinakawauza a Ilídio za pampope zija. Anangoyang'ana chikhakhacho, akukumbukira mmene ankagwirira zala za Caetano pomuonetsa popisa chingwe.

M'mawa mwake anachivula, ulendo kumalire. Anapeza Caetano ali pamwamba pa lona, amotolisita anayi ataima pansi.

"Alamu, akuti dzanja langa linafa?"

Caetano anaseka. "Anthu amayankhula zambiri, akulu. Nachi chingwe, aone okha."

N'kuwaponyera.

A Ilídio anamuyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti mwina anena za miyezi itatu ija. Caetano anayang'ana kumbali. A Ilídio anakulunga chingwecho m'dzanja, n'kuponda tayala, n'kukoka. M'chala munangoti thu. Chingwe chinapulumuka, nsonga ya chala ija itawongoka, osapindanso ngati tsiku la ngozi lija.

"Caetano, maliza iwe," anatero motolisita wina. "Tikuchedwa."