Nyimbo Imene Mzungu Anawabera Amayi

Dzulo, kunyumba yosamalira okalamba ku Romford komwe ndimagwira ntchito, wailesi inaulutsa nyimbo yakale ya roko, ya gitala wolira ija. Ndinasiya kupinda mabulangete.

Amayi ankaiimba Loweruka lililonse pahotela ina ku Limbe, n'kubwerako diresi yawo yofiira ikununkha fodya wa anthu ena. Nyimbo imeneyi ndiyo inawatchukitsa. Akulu ampingo atawaopseza kuti awachotsa m'kwaya, Amayi anayankha kuti, "Kwayayo tengani, koma mmerowu ndi wanga."

Tsiku lina ndili mwana ndinamva mzungu akuiimba pawailesi. Ndinathamanga ndikulira.

"Amayi, akuberani nyimbo!"

Iwo anaseka. "Musiye ayesere, mwanangu."

Nditakula ndinadziwa kuti mwiniwake anali mzunguyo, koma mpaka lero pakaimbidwe iye sawafika Amayi.