Kagalimoto ka a Fyson Kakana Kulira

Mayi Winifred Makwinja ndinakhala nawo moyandikana ku Chiputula, mumzinda wa Mzuzu, kuyambira pamene anafika kuchokera ku Chiradzulu, mwana wawo Dinah ali kumsana. Anali telala wa pakhonde. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu, madiresi a ukwati ndi zovala za amayi okavina kumisonkhano ya chipani. Chitumbuka chinawakana mpaka ukalamba. Akati "mwawuka uli," ife eni chilankhulo tinkayang'ana kumbali kuti tiseke bwino. Koma anali munthu woti ukadwala, umadzuka atakutungira kale madzi.

Amuna awo, a Fyson, ankayendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa. Mzungu wina wa zankhalango, pobwerera kwawo, anawasiyira kagalimoto kofiira, kotalika ngati mkono, koma ka injini yeniyeni. Sikankamwa petulo. Mafuta ake anali a m'zitini, osakaniza ndi a nsatsi, ndipo kakalira fungo linkafika mpaka kukhitchini kwanga. Ankakawongolera ndi kabokosi ka mlongoti. Zaka zimenezo chinthu cha mlongoti chinkayambitsa manong'onong'o, choncho a Fyson anayamba akakaonetsa kwa atcheyamani a m'dera, omwe anakakonda mpaka kuiwala zimene ankafuna kufunsa.

Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Fyson ankakhala pakhonde atakalowetsa kagalimotoko m'jekete, pachifuwa penipeni, uku akumwa tiyi. Tiyi akatha m'pamene ankakaliza. Mayi Winifred ankalankhula mokweza kuti ine ndimve kuseri kwa mpanda.

"NyaGondwe, dzaoneni mkazi mnzanga! Ine chibwerere ku Mzuzu sanandifungatirepo choncho."

A Fyson ankangomwetulira.

Tsoka silinunkha. Mu 1990 a Fyson anagwa akumanga matabwa palole. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atapita. Ankakhala m'chipinda kuyang'ana khoma. Ukawadyetsa ankadya, ukawasiya ankangokhala. Miyezi inadutsa, makina osokera akulira usana wonse chifukwa tsopano ndiwo ankadyetsa nyumba. Kagalimoto kanali pamwamba pa kabati, katafunditsidwa kansalu.

Nyengo yozizira itafika, kunabwera mng'ono wawo, a Blackson, kuchokera kumudzi. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Kwawoko mwamuna akafooka chotere abale ake amadzamutenga kuti akasamalidwe ndi alongo ake, ndipo iwo anabwera atatumidwa ndi banja lonse.

"Alamu, mwayesetsa, tonse taona," anatero. "Koma munthuyu sakuzindikiranso kanthu. Tiloleni tikamusunge pafupi ndi pamene anagona amayi."

Mayi Winifred anadziwa tanthauzo lake. Makasitomala awo anali ku Mzuzu, Dinah anali kusekondale, kutsatira sakanatha. A Fyson akakwera basi imeneyo, kudzaonananso kukanakhala pamaliro.

"Akuzindikira, alamu. Ine ndimagona nawo chipinda chimodzi, ndikudziwa."

"Chikuonetsa n'chiyani?" a Blackson anafunsa mofatsa. Pamapeto pake anagwirizana kuti a Blackson anyamuke ndi a Fyson Lolemba.

Lamlungu m'mawa kunacha ndi chifunga chathu chija cholowa m'mafupa. Mayi Winifred sanapite kutchalitchi, chinthu chimene sindinachionepo. Anandiitana kuti ine ndi amuna anga tiwathandize kunyamula a Fyson pampando kuwaika pakhonde, atawaveka jekete lawo lija. Kenaka anatsitsa kagalimoto pakabati.

"Kakalira aka, adzuka," anandinong'oneza. Ine ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti aika mtima wawo wonse pa kachidole.

Anakoka kachingwe kolizira injini, koma sikanasunthe. Mafuta a nsatsi anali atauma m'kati ngati ulimbo. Telala sadabwa ndi makina olimba. Anadontheza mafuta a makina awo osokera, n'kumapotoza injini ndi chala pang'onopang'ono mpaka inamasuka. Mafuta a kagalimoto otsala m'chitini chakale anali atachita mbuu ndi chinyezi, ndiye anawataya n'kutsegula chitini chatsopano. Anakokanso. Kanangoti pu, pu, basi.

Apa n'kuti amuna a m'dera akuchokera kutchalitchi. Mwamuna wa ku Mzuzu sangadutse galimoto yokana kulira, ngakhale ikhale yokwana m'dengu. Anatsogolera ndi a Boniface, oyendetsa takisi.

"Monire mose! Mama, musavutike. Galimoto ikakana, timakankha. Njira ndi yomweyo."

Ndinaona ndi maso angawa azibambo a masuti, Mabaibulo ali m'khwapa, atawerama kukankha kagalimoto pa mtsetse wa kumpopi, wina akufuula kuti aike giya thuu. Matayala ankangozungulira okha, injini ili chete, poti injini ya mtundu umenewo sigwira matayala isanalire yokha. Anabwerako thukuta lili kamukamu, buluku la a Boniface litang'ambika kumbuyo. Wina anati athiremo petulo.

"Petulo ayi. Bambo a Dinah sanathirepo," Mayi Winifred anakana, n'kuwalanda kagalimotoko.

Anakhala pansi n'kuyamba kukumbukira zimene ankaona pokhala pamakina awo Malamulungu onse aja. Panali kawaya ka batire kamene a Fyson ankakoletsa pa kapulagi ka pamutu pa injini. Anakapeza m'katoni, anamasula kapulagiko ndi kasipanala, n'kukagunditsa ku batire. Palibe chinachitika, batire inali itafa kalekale. Analowa m'nyumba n'kuchotsa ya m'wailesi. Ulendo uno kawaya ka m'kati mwa pulagi kanafiira ngati khala. Tonse tinati eya.

Anabwezera, anakoka. Injini inatsokomola n'kuzima. Anakokanso, n'kukokanso, kagalimoto kakuterereka pansi chifukwa dzanja lina linali pa waya, lina pa chingwe. Chala chinatuluka thuza, thuza linaphulika. Amuna aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi.

"Alamu, basi. Musadzizunze," anatero a Blackson.

Nthawi yonseyi a Fyson anali atazolika. Kenaka tinamva kugogoda. Linali dzanja lawo lamanzere likumenya mpando. Analitambasula. Mayi Winifred anawapatsa kagalimotoko. A Fyson anakalowetsa m'jekete, anakakumbatira, n'kutseka maso.

"Mwaonatu," a Blackson anatero motsitsa mawu. "Ngati mwana ndi chidole chake."

Mtima wanga unasweka. Ndinaganiza kuti akungolanda chinthu chawo kuti tisachiseweretsenso, ndipo ndinaona kuti Mayi Winifred aganiza chimodzimodzi, chifukwa anakhala pansi n'kufunda chitenje kumaso. Patapita kanthawi anavundukula. Anayang'ana chifunga, anayang'ana jekete lija.

"NyaGondwe," anatero, misozi ili mbwee koma akuseka. "Kakuzizidwa! Zaka zonsezi ankakafunditsa kuti katenthe, ine n'kumachita nsanje."

Anadzuka n'kukatereka tiyi, monga ankachitira kale. Anawamwetsa amuna awo pang'onopang'ono, ife tili chilili ngati zitsiru. Kapu itatha, a Fyson anatsegula maso n'kutulutsa kagalimoto kali kofunda. Analoza kampando, tinakasendeza pafupi. Anatseka kapaipi kotulutsa utsi ndi chala chachikulu n'kugwedeza mutu. Akazi awo anakoka, ndipo tinaona mafuta akukwera m'kapaipi koonekera m'kati mpaka kufika ku injini. Anachotsa chala, anapotoza kasikuluwu ka mafuta pang'ono chabe ndi chikhadabo, n'kuloza waya. Mayi Winifred anakoletsa. Dzanja lamanzere lija linakanikiza kagalimoto pakampando, mitsempha ili tolotolo, maso ali pa akazi awo.

"Ndikoke, bambo a Dinah?"

Anagwedeza mutu.

Kanalira! Nkhuku zanga zinathawira kutchire, fungo la nsatsi linadzaza pabwalo, a Boniface anabwerera akuthamanga atagwira buluku kumbuyo. "Yewo, Chiuta! Yewo chomene!" ndinangodzimva ndikufuula, kuthokoza Mulungu m'Chitumbuka.

Kabokosi kowongolera kanali ndi timitengo tiwiri, kena ka moto, kena kokhotetsera. Mabatire ake Mayi Winifred anali atagula dzulo lake. Anakaika pamiyendo pa amuna awo, iwo anagwira ka moto, a Fyson anagwira kokhotetsera. Kagalimoto kanazungulira bwalo, kanazemba mtondo ndi ndowa, kanadutsa pakati pa miyendo ya amuna anga, n'kukagunda nsapato ya a Blackson. Iwo anadumpha, n'kusunthira cha kumpanda. Kanazunguliranso, kanawalondola komweko, n'kugunda nsapato yomweyo.

Kachiwiriko palibe anati ndi ngozi. A Fyson anali kuseka, kuseka kopotoka kwa mbali imodzi, maso ali pa mng'ono wawo. A Blackson anavula chipewa, anagwada pafupi ndi mpando, n'kulira ngati si munthu wamkulu.

"Achimwene, ndamva. Ndamva ndithu."

Lolemba anakwera basi okha, atanyamula malaya amene alamu awo anawasokera.

Mawu a a Fyson sanabwerere, ndisakunamizeni, ndipo dzanja lamanja silinadzukenso. Koma khoma lija analeka kuliyang'ana. Ankakhala pakhonde pambali pa makina, akugwira nsalu ndi dzanja lamanzere pamene akazi awo akudula. Kagalimoto kankalira Lamlungu lililonse mpaka chitini chomaliza chinatha, ndipo mafuta otero kunalibe kowagula.

Ndinkaganiza kuti mwambo wa pakhonde uthera pomwepo. Lamlungu lotsatira, kukuzizira ngati kale, ndinasuzumira pampanda. Tiyi anali pakampando, kagalimoto kali pambali pake. M'jekete la a Fyson, pachifuwa penipeni, munali dzanja la Mayi Winifred.