Masiku Amene Bambo Ankagona M'mphasa

Fungo la mphasa yatsopano, ya bango losauma kwenikweni, limandibwezera kudooko lathu kwa Mlolo, m'mwezi wa Okutobala, ndili ndi zaka khumi. Kunkatentha kwambiri moti matope a m'mphepete mwa dambo anang'ambika ngati mbiya yosweka, ndipo mbuzi zinkapumira pakamwa pansi pa migwalangwa. Mphepo ikawomba, inkabwera ndi utsi wa milamba imene amayi ankawamba kuseri kwa nyumba.

M'nyengo imeneyo kunafika anthu ojambula kanema, pa galimoto ziwiri zodzaza mabokosi. Mtsogoleri wawo anali mzungu wamtali, wowonda, wa milomo yong'aluka ndi dzuwa. Dzina lake linatikanika kutchula, choncho anthu anamutcha Bwerezani, popeza awa ndiwo mawu amene womasulira wake, a Tchale, ankafuula tsiku lonse. A Tchale ankanena kuti munthuyu anagulitsa nyumba yake kwawo kuti ajambule kanema ameneyu. Malungo anamugwira kawiri ali kwathu, koma anakana kupita kuchipatala. Ankanjenjemera atakumbatira makina ake.

Chimene ankafuna kwathu chinali chithunzi chimodzi chokha: bwato lonyamula maliro likudutsa pakati pa migwalangwa iwiri, dzuwa lili paliwombo, akakowa akunyamuka m'bango pa nthawi yomweyo. Akuluakulu anamulangiza kuti akulunge thunthu la nthochi m'mphasa m'malo mwa mtembo. Iye anakana. Anafuna kuti mapazi a munthu azionekera kunsonga kwa mphasayo, ndipo anayendayenda padooko akuyang'ana pansi mpaka anaima pa mapazi a bambo anga, a Zuze, amene anali otambalala ndi odzaza ming'alu ya usodzi.

Amayi anatsutsa kuyambira tsiku loyamba. "Bambo a Rozina, munthu wamoyo samangidwa ndi luzi. Mukuitana chiyani pakhomo pano?"

"Ndi kugona chabe, mai," bambo anayankha akuseka. "Kodi ndi kangati munandinena kuti ndimakonda tulo? Lero tulo tandipezera ntchito."

M'mawa uliwonse ankawakulunga m'mphasa, manja ali m'mbali, n'kumanga luzi pachifuwa, m'chiuno ndi m'mawondo, monga timachitira ndi womwalira. Wopalasa bwato anali mng'ono wawo, bambo anga aang'ono, a Mose. Awiriwa anapangana chizindikiro: bwato likatembenuka kuti ayambirenso, a Mose ankagogoda ndi nkhafi, ndipo bambo ankagwedeza chala chachikulu cha kuphazi kusonyeza kuti ali bwino. Madzi ankawapatsa mwa apo ndi apo, chifukwa kumasula ndi kumanganso luzi kunkachedwetsa ntchito, ndipo Bwerezani sankalola kuti dontho ligwere pamphasa.

Akakowa samvera munthu. Tsiku lina ankanyamuka bwato lisanafike, tsiku lina ankangokhala phee. Nthawi zina mtambo unkaphimba dzuwa. Amayi ankaima kumtunda atapinda manja, mpeni wotumbulira nsomba uli m'lichero pambali pawo. Madzulo ankakana kuti mphasayo ilowe pabwalo pathu. Bambo ankafika maso ali psuu, n'kumwa madzi m'chikho katatu asananene chilichonse. Ine sindinkaona zimenezo ngati vuto. Ndinkayenda monyada pakati pa anzanga, chifukwa pa amuna onse a padooko anasankhidwa bambo anga.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, makina anavuta bambo atamangidwa kale. Anakhala m'bwato kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu, chifukwa Bwerezani ankati atsala pang'ono kukonza. Atayamba kujambula, anabwereza kanayi. Potembenuka kachisanu, ndinamva nkhafi ikugogoda. Inagogodanso. A Mose anawerama kuyang'ana mapazi aja, kenaka anadzutsa mutu kuyang'ana kumene kunali makina.

Pa nthawi yomweyo akakowa ananyamuka, gulu lalikulu, loyera mbee, pamwamba penipeni pa migwalangwa ija.

"Palasani! Musaime, palasani!" anafuula a Tchale, Bwerezani akuwakoka malaya.

A Mose anapalasa kawiri, nkhope itatembenukira kwa amayi. Sanafuule, ndipo mpaka imfa yawo ankadziimba mlandu chifukwa cha kupalasa kuwiri kumeneko. Koma amayi anali ataona. Anatola mpeni uja n'kulowa m'madzi ndi chitenje chawo, pamalo pamene ife ana ankatiletsa ngakhale kutsuka mapazi poopa ng'ona. Madzi anawafika m'chiuno, kenaka pachifuwa. Anagwira bwato, nadula luzi katatu, nafunyulula mphasa. Bambo anali chikomokere, lilime litauma, thupi likutentha ngati mwala wa pamoto, popanda thukuta ngakhale pang'ono.

Kumtunda Bwerezani anakuwa mawu amene a Tchale anakana kumasulira. Kenaka anakhala pansi m'matope n'kulira ngati mwana. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalirira bambo kapena mbalame zake. Chimene ndinganene mwachilungamo n'chakuti galimoto yake ndiyo inawatengera bambo kuchipatala, ndipo anayendetsa yekha.

Bambo anatsitsimuka, nabwerera kunyumba patapita sabata. Koma dzanja lawo lamanzere linatsala likunjenjemera, ndipo akakhala padzuwa pang'ono mutu unkawapweteka mpaka kusanza. Kudambo sanapitenso. Zaka zawo zotsala anazithera pamthunzi wa khonde, akusoka maukonde a amuna ena, ndipo amayi ndiwo anasenza banja ndi dimba lawo la mbatata. Ojambula aja anakhalabe masiku anayi, kenaka anachoka. Tinamva kuti anakapeza mapazi ena kumunsi, cha kwa Nyachikadza. Kanemayo palibe wa kwathu amene anamuonapo.

Pali chinthu chimene ndiyenera kuvomereza. Tsiku limene amayi analowa m'madzi, ine ndinachita manyazi. Ndinaona mayi wonyowa, chitenje chitamatirira, akuwononga chithunzi chimene anthu ophunzira anachidikira masiku asanu ndi anayi, ndipo kwa masiku awiri ndinkawayankha mokakamizika. Ndinkakhulupirira kuti bambo akanapirira pang'ono pokha.

Ndaphunzitsa sukulu zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndimalemekeza munthu wosalola ntchito yosalongosoka; inenso ana asukulu amandidziwa kuti ndimabwezetsa ntchito mpaka ikhale bwino. Sindikayika kuti chithunzi chija chinali chokongola, pakuti ndinachiona ndi maso anga. Koma tinalipo anthu oposa makumi anayi padooko tsiku lija, ndipo tonse tinakweza maso kuyang'ana akakowa. Amayi okha ndiwo ankayang'ana nkhope ya mlamu wawo.