Rula Yoyambira pa 3

Fizikisi ya chaka choyamba ku koleji inandionetsa zakuda. Ku sekondale ndinali dolo, anzanga ankachita kupanga mzere kudzakopera kwa ine. Koma apa mayeso oyamba ndinalakwa, achiwiri ndinalakwanso mochititsa manyazi. Chimene chinatsala kuti chindipulumutse chinali ntchito ya m'labu. Aphunzitsi athu, bambo wamfupi wosadziwa kuseka, ananeneratu kuti wolephera ya m'labu asadzivute n'kubwera ku mayeso omaliza, adzangobwereza chaka.

Kwathu nkhani yobwereza chaka inali yosayambika. Bambo anga, Mtumbuka wogwira ntchito m'boma komanso mkulu wa mpingo, anali atalengeza kale Area 47 yonse kuti mwana wawo akuphunzira uinjiniya. Mlendo akangokhala pansi, ndinkaitanidwa pabalaza kuti andione, ngati mbuzi ya malonda. Za mayeso awiri aja sindinawauze, ndinkawaopa kwambiri.

Ntchito ya m'labuyo inkaoneka ngati masewera a ana. Umamanga kachitsulo ku ulusi, n'kukapachika, n'kukakankha kuti kazipita uku ndi uku. Umayeza kutalika kwa ulusiwo ndi rula, n'kuona nthawi imene kachitsuloko katenga pa maulendo makumi awiri. Ukachita masamu ake umapeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi. Yankho lake aliyense ankalidziwa, pakuti linali m'buku: 9.8.

Ine ndinayeza, ndinawerengera, ndinapeza 10.4. Ndinabwereza, 10.4 yomweyo. Nditaponya maso ndinaona anzanga akulemba mosatekeseka, ndipo ndinadziwa chimene ankachita. Ankayambira ku yankho la m'buku kubwerera m'mbuyo, n'kumapeka nthawi zoti zigwirizane nalo. Tinkati kuphika. Nanenso ndinaphika, ndipo osati mwachisawawa ayi. Apa ndi apo ndinkaika tolakwika ting'onoting'ono kuti zioneke zenizeni. Ndinatuluka m'labumo ndikudzitama mumtima.

Mnzanga wa tebulo limodzi anali mtsikana wachisilamu wa ku Old Town, amene bambo ake ankagulitsa misomali, mawaya ndi zingwe mumsika wa Lilongwe. Iye analemba 10.4 yake yomweyo, n'kuwonjezera mizere iwiri pansi pake. Ndinamumvera chisoni.

"Iwe, ukufuna kufera chilungamo?" ndinamufunsa.

"Rula iyi sikundisangalatsa," anangoyankha choncho.

Sabata yotsatira aphunzitsi analowa ndi malipoti athu atawagawa milu iwiri, wina wautali, wina wa mapepala anayi okha. Kenako anakweza m'mwamba rula ya m'labu ija.

"Nonse amene mwapeza 9.8, ndikukuyamikirani," anatero. "Mwachita chozizwitsa. Rula iyi imayambira pa 3, osati pa 0. Ndinaidula ndekha ndi sowo, pamodzi ndi zinzake zonse za m'labu muno."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Mnzanga uja anali ataliona vutolo chifukwa anakulira pabenchi pa bambo ake, pamene wogula waya amayamba wayang'ana poyambira tepi asanayang'ane pothera. Ife a mulu wautali anatipatsa masiku asanu, mpaka Lolemba, kuti tikachitenso ntchitoyo kunyumba ndi zida zathu. Kupanda kutero, chaka chatha.

Ndinakwera minibasi kupita kumsika. Bambo a mnzangayo anandibwereka tepi n'kundidulira ulusi wolimba. Nkhani yonse anali ataimva kale. "Ndiye ndinu ophika aja?" anandifunsa, uku akundipatsa mpando mwaulemu wonse.

Loweruka masana ndinamanga loko wa pageti ku ulusi uja n'kumupachika ku mtanda wa m'galaja. Ndili mkati molimbana ndi kuwerenga maulendo kwinaku ndikudina foni, bambo anga anatulukira kuchokera ku msonkhano wa akulu a mpingo. Nkhope yawo inawala. Anavula jekete, n'kupinda malaya, n'kundilanda foni kuti nthawi aziona iwo. Ine ndinkakankha loko, iwo n'kumawerenga mokweza m'Chitumbuka, mawu awo omwe aja otsogolera nawo nyimbo kutchalitchi. Tinachita kasanu, ndipo nditachita masamu panatuluka 9.6.

"Buku likuti bwanji?" anafunsa.

"Likuti 9.8."

Anasuzumira kukhomo kuona ngati mayi ali pafupi, kenako anatsitsa mawu. "Aaa, kasiyana pang'onotu aka. Ingokonza apo, mwana wanga. Ku ofesi lipoti likavuta timangolisalaza."

Ndinaseka mpaka misozi. Mkulu wa mpingo, tayi ili m'khosi! Koma kusekako kunatha msanga, chifukwa anali akudikira kuti ndikonze, ndipo ndinalibe njira yokanira popanda kunena chifukwa chake. Ndinawauza zonse: mayeso awiri aja, kuphika kuja, rula yodulidwa, ndi zoti Lolemba likandivuta ndibwereza chaka.

Ndinkayembekezera ulaliki wa ola lathunthu. Koma ulalikiwo akanauyambira pati, atangotha kundilangiza zomwezo? Anangoyang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti achita manyazi. Ndinali ndisanawaonepo choncho chibadwire.

"Amayi ako asamve zimene ndanena zija," anatero pomaliza.

"Nanga zangazi?"

"Zakozonso asamve. Lemba 9.6 yakoyo."

Ndinalemba, n'kufotokoza pansi pake kuti mwina chala cha wogwira foni chinkachedwa kudina. Bambo atawerenga mzere umenewo anakwiya zenizeni. Anati chala chawo chilibe vuto, wochedwa ndinali ine. Tinakangana mpaka mayi anatulukira kudzafunsa chimene chavuta, tonse awiri n'kuyankhira pamodzi kuti palibe.

Aphunzitsi analilandira lipotilo, ndipo anandilola kulemba mayeso omaliza. Ndinakhoza mopulumukira mkamwa mwa mbuzi, koma ndinakhoza. Mayi mpaka lero sadziwa chimene chinachitika m'galaja muja. Kuyambira Loweruka limenelo, chinthu chikandivuta, munthu woyamba kumuuza amakhala bambo.