Dzenje la Kuseri kwa Khola la Apongozi

Chaka chimene petulo ankasowa m'dziko muno, ine ndinali pa chikamwini m'mudzi wina pafupi ndi Muloza. Ku koleji ndinakhalako zaka ziwiri, kenako ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti tisamavutitsanenso. Choncho m'mudzimo ndinali wophunzira kwambiri mwa anthu onse osowa chochita. Maudindo anga anali awiri: kumasulira nkhani za pa wailesi pabwalo la bawo, ndi kukumba paliponse pamene apongozi anga aloza.

M'mizinda munali zionetsero zotsutsa boma. Anthu ankaguba atavala zofiira, matayala akuyaka pamsewu, ndipo tinamva kuti ena awomberedwa. Kwathu sikunagube munthu, koma aliyense anali ndi diso pa mnzake. Wogula mchere wambiri ndiye kuti akudziwa kanthu. Wosiya kubwera ku bawo ndiye kuti akudziwa kanthu. Wakabaza wina anavala malaya ofiira a timu ya mpira, tsiku lonse sanakwezeko munthu ngakhale mmodzi.

Apongozi anga aamuna anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Muloza, makina n'kumawasungitsa m'sitolomo. Anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo anzawo pobwerera iwo anatsala. Sabata imeneyo anasiya kupita kuntchito, akuti maso akuwawa.

Lamulungu lina, anthu ali kutchalitchi, anandiitana.

"Akamwini, khasu lija lili ndi mpini?"

"Lili nawo, bambo."

Ananditengera kuseri kwa khola la mbuzi, n'kujambula pansi ndi chala cha kuphazi. Ndinakumba mpaka dzenje linafika m'chiuno. Kenako anatulutsa thumba la feteleza lomangidwa ndi malegeni. M'kati munkamveka pulasitiki, ndipo pansi pa pulasitikiyo panali chitsulo cholemera, chonunkha oilo. Tinalitsitsa, ndinakwirira, iwo n'kuwaza manyi a mbuzi pamwamba.

Sindinafunse. Ku koleji anatiphunzitsa kuti funso ndi chiyambi cha nzeru. Pa chikamwini funso ndi chiyambi cha ulendo wobwerera kwa amayi ako. Ndinayesa kudzera kwa mkazi wanga.

"Za bambo anga mukafunse bambo anga," anatero akupeta mpunga. "Si inu munapita ku koleji?"

Ndinayamba kumukayikira nayenso. Ndinakumbukiranso kuti apongozi sananenepo chimene ankachita nkhondo ili m'kati, ndi kuti poyenda ankaponda mosamveka.

Apa ndiyenera kuulula. Sindinauze munthu aliyense. Ndinangofunsa funso la maphunziro. Pa bawo panali tcheyamani wa achitetezo cha m'mudzi, nayenso wothawa nkhondo yomweyo ali mnyamata. Ndinati, "Atcheya, mwachitsanzo chabe, munthu atapaka chitsulo oilo, n'kuchikulunga m'pulasitiki, n'kuchikwirira kuseri kwa khola, chingakhale chiyani?"

Atcheya anasiya nkhomo zili m'manja. "Pamwamba anawazapo manyi a mbuzi?"

"Mwachitsanzo, inde."

"Kwathu kuja tinkaona zinthu zikukwiriridwa choncho. Sizinali makasu ayi." Anayang'ana dothi lofiira limene linali likadali m'zikhadabo zanga, ndipo masewera anathera pomwepo.

Pofika Lachitatu mfutiyo inali itabereka. Kuchigayo zinali zitatu, kumjigo zinali bokosi lathunthu. Amayi a m'mudzimo anasiya kubwera kudzapala moto kwathu. Pa bawo ndikafika, nkhani inkasanduka ya mvula. Mawu amene ankayenda anali akuti mkuluyu aperekedwe kupolisi, apo ayi awoloke mtsinje abwerere kumene anachokera, asatibweretsere nkhondo yake kuno. Munthu amene anasoka yunifolomu ya mwana aliyense m'mudzimo, tsopano ankatchedwa "wa kutsidya uja".

Lachinayi masana atcheya anabwera ndi amuna anayi, ndi khamu la anthu amene onse anati amangodutsa. Apongozi anali pampando pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Wawa, akamarada," anatero atcheya, monga ankaitanirana kwawo kuja. "Maso aja ali bwanji?"

"Akuona alendo."

"Tamva kuti mbuzi zanu zikugona ndi katundu."

Apongozi sanayang'ane atcheya. Anayang'ana ine, nthawi yokwanira kuti munthu alape machimo ake onse ndi a makolo ake. Kenako anati, "Akamwini, khasu lija."

Ndinakumbanso dzenje lomwe lija, ulendo uno pamaso pa mboni. Kunena zoona, mtima wanga unali mbali ya khamu. Ndinkawerengera kuti zikatuluka mfuti, wokumba ndi ine, ndipo kundende safunsa kuti unalekezera chaka chanji. Thumba litaonekera, ongodutsa aja anabwerera m'mbuyo, ena mpaka kuseri kwa nthochi. Atcheya anadula malegeni ndi mpeni.

Munali mutu wa makina osokera. Wakuda, wonyezimira ndi oilo, singano itachotsedwa n'kukulungidwa payokha m'kansalu.

Atcheya anazungulitsa gudumu lake, anautembenuza, anasuzumira pansi, ngati kuti chipolopolo chingabisale m'bobini. Mayi wina kumbuyo anati iye ankadziwa kale. Anali yemwe uja wa bokosi lathunthu.

"Ulendo woyamba ndinadikira kuti ndimve kaye mfuti," anatero apongozi. "Ndinathawa makina ali patebulo, buluku la munthu lili pa singano. Ndinakhala zaka zambiri ndikusokera pa makina a eni ake. Awa sindiwasiya patebulo."

"Mukanangonena, akamarada."

"Dzenje lonenedwa si dzenje. Iwe ukudziwa zimenezo."

Atcheya anauza anthu kuti azipita, nkhani yatha, mkuluyu sapita kulikonse. Koma iwo eni sanachoke. Ananjuta pafupi ndi mpando n'kutsitsa mawu, ine ndikunamizira kupukuta khasu.

"Ndiye mukuona kuti zafika pokwirira?"

"Sindikudziwa. Kujanso sitinkadziwa."

"Pulasitiki ija inatsalako?"

Sabata yotsatira m'mudzimo munamveka makasu nthawi imene sinali yolima. Mapoto, ziphaso za kuchipatala, wailesi, zonse zinalowa pansi, aliyense akubisira mnzake. Ena mwa amene ankafuna kuwolotsa apongozi ankabwera kudzawafunsa kuti dzenje labwino limafika pati. Iwo ankaloza m'chiuno mwanga.

Nkhondo sinabwere. Zionetsero zinazirala, petulo anabwerera, ndipo patapita miyezi makina aja anamvekanso pakhonde ku Muloza. Koma pakati apo makinawo anasowanso kachiwiri, ndipo kumene anagona miyezi imeneyo sindikudziwa mpaka lero. Khasu ndinkalipeza lili ndi dothi lachilendo, nthawi zina lakuda, nthawi zina lamchenga. Ndinafunsa mkazi wanga ngati bambo ake akufuna thandizo.

"Akuti mupume," anatero. "Akuti munthu wophunzira asamatope ndi zinthu ziwiri, kukumba ndi kufunsa."